A Katatu ndi Mlonda Wawo Wogona

Malemu a Katatu sankakhulupirira chilichonse chochitika kamodzi. Fayilo ankaisunga katatu, chitseko cha ofesi ankachikiya katatu, ndipo akazi awo amati atavomera kale ukwati, bambowo anabweranso kawiri kudzafunsa ngati anamva bwino. Dzina lawo lenileni linangotsala pa chiphaso.

Pakampani yathu yolemba mapulogalamu a kompyuta, iwo ndiwo anali mkhalakale. Analemba kapulogalamu kolondera mafayilo: ukasintha kanthu n'kusunga, iko kankazindikira n'kukonzanso ntchito yonse kokha. Ankakatcha mlonda, ndipo ankakanyadira kuposa ana awo.

Ndiye tsiku lina bwana analamula kuti chinenero chomwe timalembera mapulogalamu tiike chatsopano. Mlonda uja anayamba ulesi. Ukasintha fayilo koyamba, aona. Kachiwiri, zii.

"Mlonda wanu wagona," anatero bwana.

"Sagona ameneyu, bwana. Akuganiza."

"Aganize mpaka Lachisanu. Akapanda kudzuka ndigula wina, inu mupitira naye limodzi."

A Katatu anavula jekete, zomwe tinali tisanazionepo, n'kuyamba kuloza chala aliyense. Woyamba anali mayi wosesa, ati tsache lawo lagunda waya. Mayiwo anangowapatsira tsachelo.

"Sesani nokha, achimwene, tione ngati adzuke."

Kenako anati vuto ndi kutentha. Analanda fani ya bwana n'kuilozetsa pa kompyuta, bwanayo thukuta kamukamu. Lachitatu anatiimika pamzere ngati ana a sukulu, aliyense asinthe chilembo chimodzi, iwo akulemba m'kope amene mlonda wamuona ndi amene wamunyalanyaza. Ine anandinyalanyaza kasanu ndi kawiri, a Katatu mpaka kundikokera pambali kundifunsa ngati ndinayambana naye.

Tinaseka, komatu kope lomwelo ndi limene linaulula. Lachinayi masana a Katatu anamenya tebulo.

"Ndamugwira! Onse onyalanyazidwanu mumagwiritsa ntchito pulogalamu imodzi polemba. Imeneyo posunga siikhudza fayilo yakale. Imalemba ina, kuipatsa dzina la yakaleyo, yakaleyo n'kutaya. Kale mlonda ankatsata dzina. Chinenero chatsopanochi chamumangirira pa fayilo yoyamba ija. Akulondera maliro!"

"Ndiye titani?" anafunsa bwana.

"Alondere foda yonse, momwe mafayilowo amakhalamo. Mlonda amakhala pageti, satsatira munthu mmodzi kumbuyo."

Anangosintha mizere isanu ndi umodzi basi mu kapulogalamu kaja. Mlonda anadzuka, ndipo sanaphethirenso.

Apa m'pamene mkuluyo anadziphera yekha: anakonza bwino mopitirira muyeso. Chaka chinatha popanda wowaitana, bwana n'kuona kuti palibenso chowasungira. Anawapumitsa ntchito ndi satifiketi ndi wotchi yapakhoma. Ine zinandinyansa, koma ndinaomba nawo m'manja. Patangotha miyezi isanu ndi itatu tinalandira uthenga wa maliro.

Masiku ano mu ofesi muli bata lotopetsa. Palibe wonamiziridwa, palibe woimikidwa pamzere, ndipo kunena zoona timawasowa. Chinenero chija chatulukanso china chatsopano, uthenga wake ukumabwera pa kompyuta m'mawa uliwonse. Sabata yatha ndinafunsa bwana ngati tichiike. Anayang'ana desiki ya a Katatu, pomwe pano tinaikapo pulinta.

"Zikasokonekera tikafunsa ndani?" anatero. "Zisiyeni momwemo."