Tsiku Lomwe Tauni Inavala Nkhope ya a Kopolo Mkwapatira

M'tauni ina yaing'ono, yokhala ndi msewu umodzi wa phula ndi makomiti khumi ndi anayi, akuluakulu anadzuka tsiku lina atagwidwa ndi chikondi choopsa cha asilikali akale. Anakhazikitsa Komiti Yaikulu Yokumbukira Ngwazi Zathu, ndipo mpando anaupereka kwa Olemekezeka a Khansala Chikakuda, munthu amene nkhondo yokhayo yomwe anamenyapo ndi yolimbirana maikolofoni pamaliro.

Atafufuza, anapeza kuti ngwazi yamoyo yatsala imodzi yokha, a Kopolo Jailosi Mkwapatira, mdala wokhala kuseri kwa chigayo, woyenda motsimphina chifukwa cha chipolopolo chomwe anabwera nacho m'ntchafu. A komiti sanadzivute kukawaona. Anangotuma mlembi kukabwereka chithunzi chawo cha paunyamata, n'kusindikiza nkhopeyo pansalu ya mwambo. Kenako linatuluka lamulo lakuti aliyense wolowa m'bwalo la sukulu tsikulo avale nsaluyo. Inagawidwa mwachilungamo chosaneneka: a komiti, akazi awo, alamu awo, kwaya ndi gulu lovina Beni. Pofika kuseri kwa chigayo n'kuti itatha.

Za nsaluzo a Kopolo sanaziike kumtima. Iwo ankafuna chinthu chimodzi basi. Kunkhondo kuja, atawomberedwa, mnzawo Tadeyo Nsanama anawabereka kumsana mpaka kwa madokotala, n'kubwerera kukatenga wina, osabwerakonso. Tadeyo analibe mkazi kapena mwana, ndipo manda ake sadziwika. Wokumbukira dzinalo anatsala a Kopolo okha, ndipo zimenezi zinkawapweteka kuposa ntchafu ija. Anati akapatsidwa maikolofoni adzalitchula pagulu kamodzi kokha, kuti iwo akadzatsikira kuli chete dzinalo lidzatsale m'makutu mwa ena.

Tsikulo litakwana anasita jekete lawo losuluka, n'kupachikapo mamendulo awiri oda bii ndi zaka. Atafika pachipata, kulikonse kumene ankayang'ana ankadziona okha: pachifuwa pa a Khansala, pamitu ya amayi a kwaya, ngakhalenso pambuyo pa Mayi Chikakuda, amene anakhalira nkhope ya ngwaziyo pasofa mwaulemu wonse.

"Agogo, nsalu ili kuti?" anafunsa Mkulu wa Chitetezo ndi Dongosolo, bambo wa mimba yake amene masiku ena amaotcha chimanga padepoti.

"Ndilibe, mwanawe. Koma nkhope wavala pamimbayo ndi yanga."

Mkuluyo anayang'ana pamimba pake, n'kuyang'ana mdalayo, n'kuseka mpaka nkhope ya pansaluyo inayamba kuvina. "Uyu ndi mnyamata wa mano onse, agogo. Musatitayitse nthawi, lero ndi tsiku la asilikali. Kaimeni kumpanda uko muzionera."

A Kopolo anakaima kumpanda. Kumvera lamulo lopusa sikunali kwachilendo kwa iwo.

M'bwalomo a Khansala anatha ola lathunthu akupereka ulemu kwa Mlendo Wolemekezeka, yemwe anali Wachiwiri kwa Wothandizira Mkulu Woona za Miyambo, wochokera kulikulu. Atamaliza, ng'oma zinalira, a Beni n'kulowa. Guleyu, monga mukudziwa, amatengera perete wa asilikali. Patsogolo panali Che Ajusa, wometa anthu pamsika, atavala khaki wositasita, chifuwa chili mbuu ndi zitsekerero za mabotolo zopukutidwa mpaka kuthobwa m'maso. Anaguba, n'kutembenuka, n'kumenya sawasha yoti fumbi linachita kubuka.

Mlendo Wolemekezeka anaimirira misozi ili lengelenge. "Ngwazi yathu ija ndi imeneyi! Taonani mamendulo! A Khansala, mukuilola bwanji kuima padzuwa?"

A Khansala, amene anali asanaionepo ngwaziyo, anayang'ana mlembi. Mlembi ankadziwa zoona zake, koma kutsutsa Mlendo Wolemekezeka sikunalembedwe papulogalamu.

"Ndi omwewo, bwana," anatero mlembi.

A komiti anawakhazika Che Ajusa pasofa, kuwafunditsa bulangete la mphatso, n'kuwapatsa maikolofoni. Munthu wometa sasowa nkhani. Anafotokoza mmene anagwetsera ndege ziwiri tsiku limodzi asanadye kanthu, amayi n'kumaimba nthungululu. Kumpanda kuja a Kopolo bulangete sanalisirire. Maso awo anali pamaikolofoni, yomwe inachoka kwa Che Ajusa kupita kwa kwaya, kuchoka kwa kwaya kupita kwa mlamu wa a Khansala, n'kubwereranso kwa mwini wake, a Khansala. Mtima unawawawa poona kuti dzuwa likupendeka Tadeyo asanatchulidwe.

"Tsopano," analengeza a Khansala, "tikhale chete mphindi imodzi pokumbukira amene anatsala kunkhondo. Mayina awo komiti sinawapeze, koma Mulungu akuwadziwa."

Jenereta inazimitsidwa. Mitu inawerama. Chiyambire kukhalapo kwake, tauni ija inali isanatsekepo pakamwa chonchi, ndipo a Kopolo anaona kuti mwayi wina sudzapezekanso. Anawongola mwendo wopweteka uja, kukweza dzanja pachipumi, n'kutulutsa mawu a paperete amene anawasunga zaka zonsezi.

"Tadeyo Nsanama! Tadeyo Nsanama!"

Dzinalo linamveka mpaka kuchigayo. Misozi inatsika m'masaya mwa mdalayo, koma pachifuwa panapepuka.

A Khansala anatsegula diso limodzi. "Ndani akunyoza asilikali athu?"

"Ndi kamdala kopanda nsalu kaja, bwana," anayankha Mkulu wa Chitetezo. "Kakudzitchula dzina kuti tikadziwe."

"Lembani dzinalo!"

A Kopolo anawakankhira kumsewu, Che Ajusa akupukusa mutu m'bulangete ndi kudandaula kuti anthu a masiku ano sadziwa zomwe asilikali anadutsamo.

Mawa lake komiti inakhala pansi mwadzidzidzi. Inagwirizana kuti mwambo unayenda bwino kwambiri, kupatula chipongwe cha munthu mmodzi, ndipo chipongwe chotere chisadzachitikenso. Anaitana mmisiri wa zikwangwani, amene anazika chachitsulo pachipata cha bwalo, cha zilembo zazikulu zoti ngakhale wodutsa pabasi awerenge: TADEYO NSANAMA ASALOWE MUNO.

Ana a sukulu amawerenga dzinalo mokweza m'mawa uliwonse. Alendo amafunsa kuti munthuyo anali ndani. A Kopolo amadutsa pamenepo potuluka dzuwa, amaima njo, n'kumenya sawasha, ndipo wofunsa aliyense amamukhazika pansi n'kumufotokozera. M'tauni monsemo ndi msilikali yekhayo amene dzina lake linalembedwa pachitsulo, ndipo komiti, pofuna kuti chilangocho chisafufutike, imachipenta chaka ndi chaka.