Moni Wandilepheretsa Mpikisano wa ku Matopo

Lolemba
Lamulungu kuli mpikisano wothamanga makilomita zana m'mapiri a Matopo. Kuti andilembe, okonza akufuna umboni pofika Loweruka: foni ionetse makilomita makumi awiri m'maola awiri. Zofunika: nsapato (zilipo), madzi (akabwera pampopi), miyendo (tiona).

Lachiwiri
Ndikunyamuka m'mamawa kuno ku Nguboyenja. Pageti lachitatu pali a Phiri, mkulu wa mpingo wathu. Munthu wamkulu sungamudutse uli pa liwiro ngati waba nkhuku. Ndikuima. Tadzuka bwanji, kunyumba, ana, bondo lawo, mvula ya ku Dedza kumene sanapondeko chibadwire ine. Makilomita awiri, ola lathunthu.

Lachitatu
Njira ina, kopanda a kwathu. Kuli MaMoyo, mnzawo wa mayi. "Linjani, mntanami?" Kani moni wa Chindebele nawonso uli ndi ana ndi zidzukulu.

Lachinayi
Lero ndikungokweza dzanja n'kudutsa. Makilomita khumi ndi awiri! Masana foni ya mayi kuchokera ku Nkulumane: "Kukoleji kuja unkaphunzira kudutsa anthu?"

Lachisanu
Mutu pansi, nkhope yokwinya, kuti ndisaone munthu. Amayi a kumpingo akundiona ndikulowera ku Tshabalala. Bambo wa ndevu kuthamanga chonchi m'mawa, iwo akuti ndi uthenga wa maliro basi. Pobwera ndikupeza atatu pakhonde, nkhuni atatula kale. Mkazi wanga akuwathirira tiyi. Ine sakundithirira.

Loweruka
Ndikukwera kombi, minibasi ya kuno, mpaka kunja kwa tauni, kopanda ondidziwa. Makilomita khumi ndi anayi, miyendo ikumvera. Kenaka galimoto ikuima. A Phiri, ndi mkamwini wawo pachiwongolero. "Kwera mwanawe, dzuwali. Ungatichititse manyazi." Ndikukana kawiri. Kachitatu kungakhale mwano, ndiye ndikukwera. Foni ndaiwala kuimitsa, ndipo yatumiza yokha.
Yankho la okonza: "Makilomita asanu ndi limodzi omalizawo mwaphwanya rekodi ya dziko lonse. Sitikulembani."

Lamulungu
Anzanga ali m'mapiri. Ine ndili m'tchalitchi pa benchi lachitatu, ntchafu zikuwawa. Pa zolengeza, a Phiri akuti mpingo waona mphatso yanga, ndiye kuyambira mawa ndizifikitsa mauthenga m'makomo a akhristu onse. Anthu akuwomba m'manja. Ndikuimirira pang'onopang'ono n'kuthokoza. Akuti ndiziyenda modekha, chifukwa okalamba ambiri amafuna wocheza naye.