Mmene ndinayeretsera kakyuleta ya apongozi

Ku Shurugwi kuli nkhalamba ina imene ikamva dzina langa imayang'ana kudenga n'kupumira m'mwamba. Ndi apongozi anga amenewo, a Banda, ndipo chifukwa ali nacho.

Ine ndimakonza mafoni patebulo pafupi ndi pokwerera makombi, maminibasi a kuno, mu Gweru muno. Pachikwangwani changa palembedwa kuti "katswiri" (palibe anandipatsa dzinali, kungoti penti inali yanga). Apongoziwo anagwira ntchito zaka zambiri kumgodi, m'gulu la oyeza, aja amadziwa kuti ngalande ya pansi ilowere kuti ndipo itsetsereke bwanji. Atapuma pantchito anatsala ndi zinthu ziwiri: chifuwa ndi kakyuleta. Osati zija za m'golosale ayi. Yawoyi ndi yakalekale, yolemera ngati theka la njerwa. Umailowetsa ndondomeko za masamu, iyo n'kusunga m'mutu mwake, ndiye ukadina batani limodzi imawerengera yokha zonse. Mpaka lero makorokoza, aja okumba golide m'timigodi tawotawo, amapita kukafunsa nzeru kwa mkuluyu ndi makina ake.

Chaka chatha anabwera kwathu ku Ascot, mu Gweru momwemuno, kudzachotsedwa ng'ala m'maso. M'mawa wopita kuchipatala anatulutsa kakyuleta ija m'sokosi yakale n'kundipatsa ndi manja awiri, akunditchula mukwasha, monga amaitanira mkamwini kuno.

"Mukwasha, batani la seveni likukakamira. Mungoona limenelo basi."

Mawu akuti "basi" ndinawamva bwinobwino. Makutu anga alibe vuto, vuto lili chapakati pawo.

Seveniyo ndinaikonza m'mphindi zisanu, munali kanyenyeswa ka chimanga. Munthu wanzeru akanabwezera chinthucho m'sokosi n'kupita kukamwa tiyi. Ine ndinayamba kuchiyang'anitsitsa. Paliponse panali pomatidwa timapepala: kena ka tepi yachikasu, kena ka pulasitala wa pachilonda, tina tosanjikizana, tonse tolembedwa ndi bolopeni yofufutika. Inkaoneka ngati munthu wopulumuka pangozi ya basi. Ndiye m'mutu munabwera ganizo lokongola: mawa apongozi akamasulidwa bandeji, chinthu choyamba kuona ndi maso atsopano chidzakhale kakyuleta yonyezimira. Ndinkamva kale m'makutu mwanga akundiyamikira pamaso pa akuluakulu a mpingo.

Ndinayamba ndi chikhadabo. Kapepala ka kumbuyo, kamene kanagwira chitseko cha mabatire, kanachoka bwinobwino, ndipo ndinakaponya m'bini osawerenga (katswiri amawerenga za chiyani?). Tinato tinakana. Pepala linkachoka, guluu n'kutsala, wakuda ngati phula.

Ndinakatenga chowumitsira tsitsi cha mkazi wanga, poti kutentha kumafewetsa guluu. Zimenezo n'zoona. Chimene sindinaganize n'chakuti kumafewetsanso pulasitiki ya zaka makumi anayi. Ndili mkati mouzira, mwini wake, mayi a Tadala, anatulukira pakhomo, atabwera kudzatenga bulangete la bambo awo.

"Chinthu changacho chikutani pamenepo?"

"Ntchito ya akatswiri iyi, mayi a Tadala."

"Bambo anati mutani?"

"Anati ndiikonze."

"Anati seveni." Anandiyang'ana kanthawi, kenako anatenga bulangete n'kutuluka. Takhala m'banja zaka khumi ndi zinayi, amadziwa kuti mbuzi ikaloza kumunda suibweza ndi mawu.

Nditazimitsa chowumitsiracho ndinapeza ngodya imodzi itapindika ngati khutu la galu, koma guluu ali pomwepo. Ndinapaka parafini. Guluu anasungunuka n'kufalikira paliponse, parafini wina n'kulowa pansi pa mabatani. Tsopano chinthu chonse chinali kunanda ndiponso kununkha ngati nyali ya koloboyi.

Apa ndi pamene munthu amaima n'kupemphera. Ine ndinalowa kuchipinda n'kutenga kabotolo ka mankhwala ochotsera polishi wa m'zikhadabo. Ndinathira pathonje, n'kupukuta kamodzi, mwamphamvu, kuyambira kumwamba mpaka pansi. Guluu anachoka, inde. Anachoka pamodzi ndi manambala, zilembo zachikasu, zilembo zabuluu, zonse zimene a kufakitale analemba. Panatsala mabatani oyera mbee ngati mano a mwana, ndipo pakati pa pulasitiki yofewayo panadindika chala changa chachikulu, mizere yake yonse kuoneka. Ngakhale wapolisi wa tsiku limodzi pantchito akanandigwira.

Poopa kuti zamadzimadzi zija zipsereza zamkati, ndinachotsa mabatire onse atatu n'kuyanika makinawo pazenera. Ndinadzitamanso mumtima kuti apa pokha ndaganiza msanga. Madzulo dzuwa lisanalowe ndinabwezera mabatire, ndipo inayaka. Inangolemba ziro, n'kumandiyang'ana.

M'mawa mwake apongozi anabwera bandeji itamasulidwa, akusangalala ngati mwana. Ankawerenga zikwangwani zonse za mumsewu mokweza, anaona ngakhale nyerere pakhoma. Madokotala aja ntchito anaigwiradi, ndipo sindinawakhululukirebe.

"Seveni ija yatheka, mukwasha?"

"Yatheka, bambo. Ndinaipukutakonso pang'ono."

Ndinaipereka nditagwada. Anaitembenuza uku ndi uku. Anayendetsa chala pamabatani monga ankachitira maso asakuona, ndipo apo ndi pamene ndinazindikira ntchito ya timapepala tosanjikizana tija: zaka zonse za ng'ala ankapeza batani pomva kukhuthala kwa pepala. Anadina apa, anadina apo. Ziro.

"Aikona," anatero motsitsa. "Mabatire munachotsa?"

"Pang'ono chabe, bambo."

"Onse?"

"Anali atatu okha."

"Nanga kapepala kanali kumbuyoku simunakaone?"

Mayi a Tadala anapita kukhitchini, n'kubwera ndi bini yonse, n'kuikhazika patsogolo panga. Ndinafufuza pakati pa makoko a mbatata mpaka ndinakapeza. Kanalembedwa ndi zilembo zazikulu zopendekeka: OSACHOTSA MABATIRE ONSE PAMODZI, IMAIWALA.

"Analemba mayi anu amenewo," apongozi anauza mwana wawo, ine osandiyang'ana. "Ndinachitapo zimenezi kamodzi tili kukomponi, ndinakhala sabata yathunthu osadya bwino. Ndiye iwo anati sakufunanso maliro a makina m'nyumba mwawo."

Apongozi aakazi anatisiya zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Mkuluyo anawongola kapepalako pabondo, anakapukuta ndi mpango, n'kukaika m'thumba la malaya. Ndikanakonda akanandikalipira, kapena kundiponyera kakyuletayo kumutu (yolemera mokwanira). Iwo anangoti, "Koma seveni ikudinika bwino. Zikomo."

Mwamwayi ndondomeko zonse anazilemba m'kabuku kamene kanali kwawo. Chilango changa chinali kukwera kombi ya ku Shurugwi Loweruka lililonse kwa mwezi wathunthu, kutsetsereka mapiri okhotakhota aja, kukakhala pakhonde iwo akuwerenga kabuku, ine ndikudina. Koma poti mabatani analibenso zilembo, ntchito yoyamba inali kudula timapepala, kulemba nambala, n'kumata pa batani lililonse. Ndinamata ndekha, ndi manja omwewa, timapepala makumi atatu ndi tisanu ndi tinayi. Kale tinalipo khumi ndi tiwiri.

Makorokoza akabwera, apongozi ankandilozera mwaulemu wonse: "Awa ndi akamwini anga a ku Gweru. Amachapa makina." Amuna aja ankandipatsa moni, kenako n'kubisa mafoni awo m'matumba.

Mwezi wathawu wailesi yawo yakale inasiya kulankhula. Anaitumiza ku Gweru kudzera kwa mayi a Tadala, amene anadutsa nayo patebulo langa, kundipatsa moni bwinobwino, n'kukaitula patebulo la mnzanga woyandikana nane. Sindinadandaule. Ndaphunzira kuti chinthu cha mwini umakonza pamene wauzidwa, kwinako n'kusiya, ndipo kapepala umayamba wawerenga usanamatule. Ndinapirira, manja m'thumba, kwa mphindi ngati khumi. Kenako ndinasendera kwa mnzangayo n'kumunong'oneza kuti pulasitala ali kumbuyo kwa wailesiyo, atangomudonthezera kaparafini pang'ono, angachoke mosavuta.