Mmene Ndinamuletsera Sajeni Kusanza

Amene akuti Kamwendo ndi wabodza adzuke pabenchipo, apatse malo anthu a makutu. Inde, ndikunena inu achimwene a chipewa chofiira, ndakuonani mukukodola mnzanuyo. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 4, sindikana, koma pa Nsungwi pano palibe munthu wina amene anachiritsapo mphaka wosanza ngati mpopi wophulika, popanda jekiseni, popanda piritsi, popanda kupita kwa sing'anga. Ndikanama, nyundo yanga yokhomera mbaulayi indiphwanye chala.

Mphakayo dzina lake ndi Sajeni, ndipo si wanga ayi, ndi wa akazi anga, mayi a Tiyamike. Anabwera naye m'dengu kuchokera kwawo ku Mulanje ali kamwana kokwana m'dzanja. Chaka china iwo anapita kumudzi kukadwazika mayi awo, ndiye pokwera basi anatulutsa mutu pawindo nati, "Bambo a Tiyamike, mbale mukhoza kuswa, zovala mukhoza kuwotcha, koma ndikadzapeza Sajeni palibe, inunso mudzapite komwe wapitako." Amene mumawadziwa mayi a Tiyamike mukudziwa kuti iwo sanena kawiri.

Sabata isanathe, Sajeni wayamba kusanza.

Inu mukamati kusanza mumanena kaja ka mwana wa m'minibasi, kopukuta ndi chitenje. Sajeni akati asanze ankayamba wabwerera m'mbuyo ngati lole yokanika chitunda, khosi lili koko, koko, koko, nkhuku za papuloti zonse n'kuthawira padenga, agalu a ku Kanengo n'kuyamba kuuwa, kenaka khwaa! Mukumva? Munkatuluka mitu ya usipa yodzaza ndowa, ubweya wokwana kusokera mapilo awiri, ndipo ndinasokadi, limodzi ndimatsamira mpaka lero, munatuluka kiyi wa bafa amene tinamufuna miyezi isanu ndi umodzi, munatulukanso khoswe wamoyo amene anadzikung'untha bwinobwino, n'kundiyang'ana ngati akuti zikomo achimwene, n'kumapita. Tsiku lina masanzi anayenderera mpaka pamsewu, minibasi yopita m'tauni inatererapo kuchokera pa Nsungwi mpaka mu Area 47 dalaivala osaponda mafuta, ndipo madzulo ake kondakitala anabwera kudzafunsa ngati mphakayo angasanzenso mawa nthawi yomweyo.

Zonsezo ndikanapirira. Vuto linali malo amene Sajeni anasankha. Papuloti pathu pali makomo asanu ndi atatu, pali bwalo, pali dzala, pali ngalande, koma iye ankangosanzira pakhonde la alandiledi, mayi Nankhoma, khonde limene amalipaka polishi wofiira mpaka munthu ukhoza kumetera ndevu pamenepo. Amayi ena anayamba kale kunong'onezana pampopi kuti mphaka wosanza chonchi amadya zakumanda. Ndiye Lolemba m'mawa alandiledi anandipeza ndikukolopa, atanyamula thumba la feteleza lopanda kanthu.

"A Kamwendo, thumba ili mukuliona? Ndakupatsani mpaka Loweruka. Kuyambira Loweruka, kadontho kamodzi kokha pakhonde panga, mphaka wanuyo ndimumangamo ndekha, ndikamuponya mumtsinje wa Lingadzi."

"Amayi, mphakayu ndi mwana wa m'nyumba."

"Mwana wa m'nyumba azisanzira m'nyumba mwanu."

Abale anga, ndinayesa zonse. Ndinapera makala n'kumusungunulira m'madzi, anasanza zakuda. Ndinawiritsa masamba a nimu, anangonunkhiza n'kundiyang'ana ngati ndatukwana mayi ake. Ndinamunyengerera, ndinamuopseza, ndinamuonetsa thumba lija kuti aone yekha. Kenaka ndinati basi, chimene chikulowa ndicho chikutuluka, ndinamumana chakudya Lachiwiri ndi Lachitatu, kungomuikira madzi. Mukuganiza kuti analeka? Anawonjeza! Pamenepo m'pamene nzeru za Kamwendo zinadzuka. Ndinatenga kamtengo, ndinanjuta, ndinayamba kufukula masanziwo ngati wofufuza milandu, ndipo ndinapezamo chipisi, bonya wamchere, khungu la soseji ndi zoyera ngati chambiko, pamene m'nyumba mwanga, chichokere mayi a Tiyamike, munali nyemba zokhazokha, m'mawa nyemba, madzulo nyemba. Soseji ameneyu akumutenga kuti?

Ine ndine wosula mbaula. Ndinadula chitini cha tomato, ndinaikamo kanati, ndinapanga kabelu, ndinamumangirira m'khosi. Belu limenelo linali lomveka moti tsiku loyamba ana a sukulu atatu anaweruka 9 koloko. Lachinayi kumsika sindinapite. Ndinakwera mumtengo wa mapeyala uli pakati pa pulotiwo, ndinakwera, ndinakwera, mpaka ndinaona mayi a Tiyamike ku Mulanje akutunga madzi, ndipo iwo anatembenuka n'kundiloza chala. Ndinatsikako nthambi ziwiri, ndinakhala phee.

Unali mwezi wa Juni, nthawi imene matumba a chimanga amabwera kuchokera kumidzi. Wa ku Dowa walandira ake, wa ku Ntchisi ake, wa ku Mchinji ake, aliyense waunjika kuseri kwa katani, ndipo kumene kuli chimanga makoswe sachita kuwaitana. Papuloti ponse mphaka anali mmodzi. Mwaona pamene pali nkhani?

Belu linalira ngele ngele mpaka pakhomo loyamba. Mayi a pamenepo anasuzumira uku ndi uku, anatulutsa kambale ka bonya, n'kumulowetsa kuti aonekere kumatumba. Atangonyambita milomo, khomo lachiwiri latseguka, mayi ena a ku Thyolo ogulitsa chipisi, amuikira zotsalira zosambira m'mafuta. Lachitatu, aphunzitsi, soseji. Lachinayi, mitu ya nkhuku. Ena anamupatsa dzina lawolawo, ndinamva ndi makutu anga wina akumuitana kuti Bwanamkubwa, ndipo iye anavomera! Aliyense ankamudyetsa mobisa kuti mphaka azolowere kwake, asiye kwa mnzake, ndipo aja ankanong'ona za kumanda ndi amene ankamuikira mbale yaikulu kuposa onse. Pofika khomo lachisanu ndi chiwiri mimba ya Sajeni inali ikukwekwereza pansi n'kumasiya mzere ngati mwadutsa wilibala.

Ndiye linatseguka khomo la kuseri la alandiledi. Mukumva? Mayi Nankhoma omwewo, eni thumba, anatulutsa mutu, anayang'ana kumanja, kumanzere, koma kumwamba ayi, n'kunong'ona kuti, "Bwera mwana wanga, bwera," ali ndi bakuli la chambiko lodzaza mpaka m'milomo. Sajeni anamwa lonse, anazungulira nyumba akudzandira, anafika pasimenti pozizira pakhonde lofiira paja, koko, koko, khwaa!

Ndinaseka mpaka mapeyala onse anagwa osapsa.

Loweruka m'mawa ndinaitanitsa msonkhano wa puloti yonse pakhonde lomwelo. Ndinafotokoza zimene ndinaona, khomo ndi khomo, mbale ndi mbale. Amayi anayamba kuyang'ana zikhadabo zawo. Nditafika pa chambiko, alandiledi anakonza duku lawo.

"Ine? Aa, kaja n'kamkaka chabe, kotsala. Kutaya n'tchimo."

"Kotsala bakuli lonse, amayi?" anatero mayi a chipisi aja.

"Inu khalani chete, mafuta anu aja ngakhale njinga ikhoza kusanza."

Anthu ataseka mokwanira, ndinatulutsa lata limene ndinali nditakhomapo kale manambala a makomo. Ndinati papuloti pano tili ndi ndandanda wokolopa chimbudzi ndipo sitimenyana, bwanji Sajeni naye akhale ndi ndandanda wake? Khomo limodzi tsiku limodzi. Tsiku lako umupatse pang'ono, zopanda mchere, zopanda mafuta, mkaka ayi, madzi abwino pambali, ndipo tsiku limenelo alondere matumba ako. Kumupesa ubweya kuti asamaumeze, imeneyo ntchito yanga Lamulungu lililonse. Onse anavomera. Alandiledi nawo anavomera, koma anakweza chala.

"Ndandanda ndamumva. Koma ine mawu anga sindibweza. Lero ndi Loweruka. Kadontho kamodzi, thumba."

Analowa m'nyumba kukatenga msomali wokhomera latalo. Atangotembenuka, ndinamva kuseri kwanga, chapansipansi, koko, koko. Abale, ndinacheuka. Sajeni anali atabwerera kale m'mbuyo. Khwaa! Pakati penipeni pa khonde, mulu ngati chulu, ndipo masilipasi a alandiledi ali phwa, phwa, kubwerera. Chokolopera chili kutali, ndowa ili kutali. Ndinalumpha anthu anayi ndi mpando umodzi, ndinakhalapo. Thi!

"A Kamwendo, mwatani? Khalani pampando."

"Ayi amayi, kwathu ku Dowa sitikhala pampando pamaso pa eni nyumba."

"Lero mwayamba ulemu?"

"Ndakula, amayi."

Papuloti ponse anaona, koma palibe anandiulula, chifukwa aliyense anali ndi matumba kuseri kwa katani. Ndipo inu mukudziwa msonkhano wa papuloti ukayamba sutha. Anakamba za mpopi, anakamba za dzala, anakamba za amene amayanika zovala pachingwe cha mnzake, ine ndili pomwepo, dzuwa likuwotcha, kunsi kukufunda ngati ndakhalira mbaula yanga yomwe, nyerere zapanga mzere kukwera m'buluku, ntchentche zabwera mpaka zochokera ku Area 36, zina pa kabaza, ndipo alandiledi akuti koma kukununkha chiyani, mayi a chipisi akuti ndi ngalande amayi, aphunzitsi akuti inde ndi ngalande, ine ndikuti ngalande imeneyi ndiikonza mawa. Potseka, alandiledi anapempha pemphero, ndipo anapemphera iwo eni, kuyambira ku Genesesi. Maso onse atatsinzina ndinayamba kukhwekhwereza matako pang'onopang'ono, kumanja, kumanzere, kutsogolo, m'mbuyo, mpaka pofika pa ameni ndinali ndatsikira kale pabwalo, msana kukhoma, khonde lili mbee kuposa mmene amalisiyira polishi. Mawa lake anandifunsa kuti ndinapakapo chiyani.

Kuyambira tsiku limenelo Sajeni sanasanzenso. Sabata yoyamba ndinkati ndikamva nkhuku ikulira koko ndinkataya nyundo n'kuthamanga, koma ayi, kunali zii. Thumba lija alandiledi anaikamo makala. Mayi a Tiyamike atabwera sanandipatse moni, anayamba anyamula mphaka wawo, anamutembenuza uku ndi uku, anawerenga miyendo, anamuyang'ana m'makutu, kenaka anati, "Ali bwino. Inunso mukhoza kukhala." Mpweya umene ndinapuma pamenepo unasasula malata a nyumba zitatu.

Pali chimodzi chokha chimene sindinawauze mayi a Tiyamike, ndipo inunso musakawauze. Amene anamudyetsa Sajeni Loweruka lija m'mawa, msonkhano usanayambe, si alandiledi, si aphunzitsi. Ndine. Ndinamugulira usipa mbale yonse, n'kumupempha kuti adye, akhute, akhale ndi mtima wabwino, asandichititse manyazi.

Mukuseka? Buluku lake ndi lomwe ndavalali. Lachapidwa kokwana, koma lilipo. Wokayika adzuke, ine nditembenuka, adzanunkhize yekha.