Tsiku lomwe ndinamasula mfuti ya apongozi

Pachipumi panga, pamwamba pa diso lakumanzere, pali chipsera chonga kamwezi. Anthu akandifunsa ndimayankha mokweza mapewa, koma zomwe ndimawauzazo si zoona. Zoona zake ndi izi, ndipo mundimvere chisoni pang'ono musanayambe kuseka.

Chinali chaka chomwe tinavota kachiwiri, nthawi yodinda fodya. Ine ndinali mkamwini kwa Mavwere, nditangotha chaka chimodzi m'banja ndi mkazi wanga Nankhoma. Ntchito yanga inali yokonza njinga pa Kamwendo. Pa Kamwendopo ndinali munthu, koma kuchikamwini luso langali silinkawerengedwa. Kumeneko mwamuna ankamuyezera pa mizere ya kumunda, ndipo mizere yanga inkakhota. Apongozi anga aamuna, a Nkhoma, sankandinyoza, komanso sankandiyamikira. Ndikanyonyomala chapatali n'kuwapatsa moni, ankangoti "eya," maso ali kwina. Zinkandiwawa. Ndinkangofuna tsiku limodzi lokha adzanene kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu waphindu.

A Nkhoma anali munthu woopedwa. Anali ndi chipsera pachipumi, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti anachipeza polimbana ndi akuba ng'ombe atatu pa esiteti yomwe ankagwirapo ulonda ali achinyamata. Mwini esitetiyo ndi amene anawapatsa mfuti ya mpweya, yakalekale, ija yothyola pakati poika kachipolopolo. Ankaikonda kuposa njinga yawo. Koma inali itafooka. Akawombera, kachipolopolo kankangotuluka ngati munthu walavula njere ya bwemba, n'kugwera pafupi pomwepo. Njiwa zinkadya mtedza woyanika pabwalo mosatekeseka, a Nkhoma akuonerera, mfuti ili pamiyendo.

Apa ndi pomwe ndinaonera mwayi wanga.

"Bambo," ndinatero nditanyonyomala, "mfuti imeneyi n'chimodzimodzi pampu ya njinga. Kachikopa kam'kati kauma basi. Nditha kuikonza."

Anandiyang'ana kumaso, mwina kwa nthawi yoyamba. "Mungodontheza mafuta pabowopo, apongozi. Kumbuyoko musatseguleko."

"Chabwino, bambo."

(Makasitomala anga a pa Kamwendo amamudziwa "chabwino" ameneyu. Amatanthauza kuti ndamva, koma ndichita zanga.)

Lachisanu m'mawa apongozi onse awiri anapita kumaliro kumudzi woyandikana nawo. M'chigafa munatsala a Laisoni, eni ake a jeke yodindira fodya, ndi mnzawo, akudinda mabelo awiri otsiriza. Lole yotengera fodyayo ku okushoni inali yoti ifika m'mawa mwake. Masana a Laisoni ndi mnzawo atapita kukadya, ine ndinatenga mfuti ndi zida zanga n'kukakhala m'chigafamo, poti munali mthunzi, komanso munalibe wondiona. Bokosi lodindiramo linali chapambali panga, losatseka, fodya ali theka.

Mafuta ndinadontheza, monga anandiuzira. Ndinayesa, sizinasinthe. Ndiye ndinati ndingochotsa thabwa lake kuti ndione. Nditachotsa, ndinaona kamtanda kachitsulo kogwira chitsekero cha kumbuyo kuja. Ndinakayang'ana, nako kanandiyang'ana. Mumtima ndinati achikulirewa akungoopa chifukwa si amisiri. Ndinapanikiza mfutiyo ndi mawondo, kumbuyo kwake kutaloza kumaso kwanga kuti ndizionetsetsa bwino (inde, ndikudziwa), n'kuyamba kukhoma kamtandako ndi sipoko yakale.

Chomwe sindinkadziwa n'chakuti sipuling'i ya m'katimo, yaitali ngati mkono wa mwana, imakhala yopanikizika ngakhale mfuti ikungokhala. Kamtanda katangochoka ndinangomva kuti phwa! Ndinaona nyenyezi masanasana. Nditadzidzimuka ndinali chagada, magazi akulowa m'diso.

Ndinathamangira kuseri kwa nyumba kukasamba. Nankhoma anandipeza komweko, n'kundimanga pachipumi ndi kansalu.

"Inu, mwatani?"

"Ndagunda mtengo wa chigafa."

"Chigafa chimene mumalowamo tsiku ndi tsiku?"

Anandikhazika pansi nthawi ndithu mpaka magazi ataleka. Pobwerera m'chigafa ndinapeza a Laisoni atadzaza kale bokosi lija, atadinda, akusoka chiguduli cha belo lotsiriza. Mfuti anali atangoikankhira pambali. Ndinatolera zonse: thabwa, kamtanda, chitsekero chomwe chinanditema chija. Sipuling'i panalibe.

Ndinakwawa chigafa chonse. Ndinafufuza m'zinyalala, m'udzu wa panja, mpaka m'khola la nkhuku. Kenako maso anga anagwera pa mabelo awiri aja, ndipo ndinakumbukira bokosi losatseka lija. Aliyense wolima fodya amadziwa zomwe zimachitika belo likapezeka ndi chitsulo m'kati. Limabwezedwa, ndipo dzina la mlimi limada ngati wakuba wofuna kuwonjezera kulemera. Dzina lake likanakhala la a Nkhoma, mkulu wa mpingo, amene sanabwezeredwepo belo chiyambire.

Ndisaname, maganizo ongokhala chete anandibwerera. Koma ndinapita kwa mkazi wanga n'kuulula zonse. Sanakalipe. Anangogwira m'chiuno.

"Ndiye mfuti mwapha, fodya mwapha. Chatsala n'chiyani, mbuzi?"

A Laisoni ndinachita kuwagwadira kuti timasule mabelowo.

"Achimwene," anatero, "belo silimasulidwa ngati mtolo wa nkhuni. Mukutsimikiza kuti chili m'menemu?"

"Kulibenso kwina."

Tinamasula lotsiriza lija, kuchotsa fodya yense mosamala kuti asafumbutuke. Munalibe. A Laisoni sankakumbukanso bwino kuti pa nthawi ija m'bokosi munali fodya wa belo liti, ndiye tinamasulanso linalo. Munalibenso. Apa anthu anali atayamba kusonkhana, poti nkhani yoti mkamwini wa kwa a Nkhoma akumasula mabelo inali itafika kale kuchitsime. Ena ankapereka malangizo. Mayi wina anafunsa mokweza ngati kwathu fodya timamudziwa.

A Nkhoma anafika dzuwa litapendeka, jekete la kumaliro lili paphewa. Anaima pakhomo pa chigafa. Anayang'ana fodya wawo wa mabelo awiri ali mbwee pa ziguduli. Anayang'ana mfuti ili zidutswazidutswa. Kenako anayang'ana kansalu ka pachipumi panga, ndipo pamenepo maso awo anakhalitsa. Ine ndinagwada, ndikuganizira kale za kolowera ndi katundu wanga.

"Bambo, ndalakwa. Ndinatsegula kumbuyo kuja."

"Nonse tatulukani kaye," anatero. "Apongozi, inu tsalani."

Titatsala awiri anafunsa motsitsa mawu. "Munakhala pati?"

Ndinaloza.

"Kumbuyo kwake kunaloza kumaso?"

"Inde, bambo."

Anakaima pomwe ndinakhalapo, n'kuyang'ana m'mwamba, chakumbuyo pang'ono. Anatenga kamtengo koyanikira fodya, n'kugwedeza udzu wa denga kawiri. Sipuling'i inagwa pamapazi awo.

"Ikamenya pachipumi imakwera m'mwamba," anatero. "Pansi sipita."

Ndinafuna kufunsa kuti akudziwa bwanji, koma yankho ndinaliona ndekha. Chala chawo chinali chikusisita chipsera chawo chija. Pamwamba pa diso lakumanzere. Chonga kamwezi.

"Nanga akuba ng'ombe aja, bambo?"

"Akuba anabweradi," anatero. "Koma tsiku limenelo ine ndinali kuchipatala, akundisoka." Anasuzumira kukhomo. "Nankhoma ndi amayi ake asamve zimenezi."

Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Sindinawaonepo akuseka chikwatirire, ndipo ndinkaopa kuseka nawo, koma ndinalephera kudzigwira. Tinaseka mobisa, ngati anthu ali m'tchalitchi, misozi ikutuluka. Atatuluka panja nkhope inali itabwerera mwakale. Anangouza anthu kuti mkamwini wawo anachita bwino kumasula mabelo, poti munthu wosasamala dzina la banja akanangokhala chete. Ine mawu amenewo ndinawasunga mpaka lero.

Mabelo tinadindanso tonse, ine ndi amene ndinkapukusa jeke mpaka manja anatuluka matuza, ndipo lole inawapeza ali okonzeka. Mfuti tinaibwezeretsa Lamlungu titaweruka kutchalitchi. Kachikopa katsopano ndinadula ku lilime la nsapato yanga, n'kukanyika m'mafuta mpaka kufewa. Sipuling'i tinaipanikiza anthu awiri pa tsinde la mango, aliyense atapotolera nkhope kumbali. A Nkhoma atawombera chitini chinagwa patali ndithu, ndipo anangoti, "Eya." Koma ulendo uno ankandiyang'ana.

Anatisiya patapita zaka zingapo, ndipo mfutiyo anasiyira ine, osati ana awo aamuna. Chinsinsi chawo ndachisunga mpaka nawo apongozi aakazi atapita. Mwina mukuganiza kuti ndinaphunzirapo kumvera akulu. Ndinaphunzira kuloza mfutiyo kumbali pomasula, basi. Za chipserachi, ana anga amadziwa kuti ndinalimbana ndi akuba njinga kufupi ndi boda. A Nkhoma anati atatu, ndiye ine ndinati awiri, poti mkamwini sangapose apongozi ake.