Ndinapita Kunja Kukatenga Madesiki

Magaye, usiku wathawu ndinalota zinazake, ndipo ndikulemba fasiti bandulo isanathe, ndiye musandidule.

Ndinalota a hedi athu, a Chimkwende, andiitanitsa ku ofesi. Akuti, "Madamu Nankhoma, mwasankhidwa. Mukupita kunja kukaona pulayimale ya anzathu. Mukaphunzitsa piriyodi imodzi. Akakhutira, akupatsani madesiki a Sitandade 2." Inu mukudziwa ana anga amakhala pansi, pa simenti yokumbikakumbika ija, akamaweruka kumbuyo konse kuli mbuu. Ndiye ine kufunsa za transipoti, a hedi angotsegula kabati ya mabuku, akuti, "Lowani, ikunyamuka." Ndalowa. Mkatimo muli kondakitala, akuti tisunthe tikhale folofolo.

Ndiye mwadzidzidzi tafika. Dziko lozizira ngati mufiriji ya pa golosale, dzina lake ndaiwala koma linali lalitali. Pa geti la sukulu pali bwana wa suti, akufuna pasipoti. Ndapisa m'chikwama, ndatulutsa khadi langa la kusikelo. Akuliwerenga siriyasi, khosi likutalika, likufiira, basi asanduka nkhukundembo. Palibe wadabwa. Nanenso ndangoti, "Zikomo bwana," iyo yadinda khadi ndi mlomo, ndadutsa.

Hedi wa kumeneko ndi mayi wamtali, akuyankhula Chichewa cha ku Dedza, musandifunse. Akuti, "Piriyodi ndi imodzi, belu likalira zatha." Andilowetsa m'kalasi, akaima kumbuyo ndi kope, apinda mwendo umodzi, asanduka kakowa.

Kalasi yake kapeti, magetsi oyaka masanasana, ana khumi ndi awiri. Ndakuwa ndi mawu anga ophunzitsira chikhamu pansi pa mtengo: "Gudu moni kilasi!"

Windo lati, "Mayi, tonse tili pompano. Tsitsani voliyumu."

Ndapepesa windo. Ndiye ndaima, ndikudikira. Kamtsikana ka kutsogolo kakweza mkono.

"Madamu, tikudikira chani?"

"Anzanu."

"Tonse ndi ifeyo."

Ndaseka. "Lero ndi tsiku la msika eti? Kapena kwagwa zovuta kumudzi?" Ana angondiyang'ana. Ndati awa akubisa anzawo, ndimawadziwa ana. Ndatuluka kukawasaka kuseri kwa zimbudzi, kulibe. Ndati mwina ali ku mjigo, mjigo wake kulibenso. Pobwerera wotchi ya pakhoma yati, "Asisi, hafu yapita."

Ndiye apa mpamene ndinaona chinthu chondiwawa mtima. Mwana aliyense desiki lakelake. Yekha, magaye. Kamwana kosaposa paketi ya shuga kakhala pakati, uku malo, uku malo. Manja anga anangoyamba okha ntchito. "Imani nonse! Iwe, iwe, iwe ndi iwe, apa. Sunthira uko. Chikwama pamiyendo. Chigongono mkati." Folofolo. Ana onse akwana pa madesiki atatu, otsalawo ali mbee opanda munthu, ine mumtima ndikuti amenewo ndi anga kale. Ndatola pensulo yaitali ya mwana wina, ndaidula patatu, ndagawa. Ndacheukira kakowa kuti aone ntchito.

Kakowa akungolemba ndi mlomo.

Mwadzidzidzi desiki lapakati labuula. "Mayi, kwanuko ndi chonchi tsiku lililonse?"

"Ayi," ndatero ine, "kwathu desiki likapezeka ndi asanu. Wa nambala sikisi amagwirizira pakona."

Madesiki ayang'anana. Apempha kuti ndiwapatse mpata achite miting'i. Aunjikana kukona, manong'onong'o, kenako tcheya wawo, desiki la miyendo yachitsulo, labwera kutsogolo.

"Takambirana. Sitipita. Nafenso tili ndi misana."

Magaye, ndinagwada. Ine ndi satifiketi yanga ya ku koleji, kugwadira desiki. "Chonde bambo, ana anga amalembera pabondo. Mvula ikagwa simenti imazizira, kalasi yonse chifuwa."

"Tamva, pepani. Koma ayi."

Ndiye belu lalira. Belu lake laulemu, longoti ndii, osati chitsulo cha gudumu chathu chija chodzutsa ndi akumanda omwe. Apo lesoni sindinayambe, ngakhale deti pa bolodi sindinalembe. Kakowa atseka kope. Akuti, "Madamu, kuphunzitsa sitinakuone. Koma kulongedza ana mumatha." Atulukira pawindo, windo lati yendani bwino.

Ndikutuluka manja lende, mwadzidzidzi kuseri kwa chitseko: "Psii. Achemwali."

Kuyang'ana, desiki lakale lathabwa, mwendo umodzi waufupi, aliika poti akalitaye.

"Kwanuko ana amalemba maina pa desiki?"

"Ndi msomali. Mpaka kunsi kwa mimba."

"Aphunzitsi akatuluka amatiimba ngati ng'oma?"

"Mpaka a hedi kubwera ndi kamtengo."

Desiki likuti, "Ine zaka zonsezi palibe mwana anandikandapo. Amangondipukuta ndi mankhwala. Nditengeni."

"Shuwa? Akhala asanu."

"Ikani sikisi."

Ndapinda sikafu ngati nkhata, ndalisenza. Pa geti nkhukundembo ija yatambasula mapiko, ikuti katundu alibe khadi la kusikelo sadutsa. Desiki landinong'oneza kuti ndilitsitse. Ndalitsitsa, ndaliveka juzi langa, ndauza bwanayo kuti ndi mwana wa mchemwali wanga, amangooneka choncho. Yatiyang'ana, yati akule bwino, tadutsa.

Ndiye tili mumsewu, kabati ya a Chimkwende ikuoneka patali, kondakitala akumenya chitseko, "Awiri otsala! Awiri otsala!" Ine ndikusankha kale mumtima oyamba kukhalapo: Esinati wa chifuwa chosatha uja, Yamikani amene amalemba atagona chafufumimba, mapasa a kwa Gomani aja chifukwa amawerengedwa ngati mmodzi. Desiki likubwera pambuyo panga, likukhwekhwereza miyendo mumsewu, shwaa, shwaa. "Musathamange achemwali, ndikubwera." Shwaa, shwaa. Kabati yayamba kusuntha. Ndatambasula mkono kuti ndiligwire, shwaa, shwaa...

Ndatsegula maso. Shwaa, shwaa ikupitirirabe. Ndasuzumira pawindo, fumbi likutuluka pakhomo la Sitandade 2. Ana anga alawirira ndi masache, akusesa poti akhale.