Mpunga wosewerera

Lolemba
Mwana wanga Esinati wabwera ndi pepala kuchokera kwa madamu amene amawagwirira ntchito ku Camps Bay, walimata pa firiji. Akuti ndondomeko ya ana. Lonjezo ndi Takondwa, zidzukulu zanga, azisewera pa ola, ngati mankhwala a kuchipatala. "Bambo, zikakanika sabata ino, ana ku kireshi, sukulu ya mkaka ija, inu pa basi ya ku Ntcheu." Ku Ntcheu ndikalankhula ndi ndani, makoma? Ndavomera. Ine wolera ana asanu ndi awiri, lero firiji ndiye bwana wanga!

Lachiwiri
Mvula, mphepo, tonse m'kachipinda kathu ka ku Nyanga, kuno kuchilendo. Zalero: mpunga m'beseni, ana aziugwiragwira kuti nzeru zitseguke. Mpunga! Kwathu timaulawa pa Khirisimasi. Amwaza mpaka kunsi kwa bedi. Ndikutola kamodzikamodzi, chogwada. Ndatsuka, ndaphika, tadya. Nzeru zatsegukira m'mimba.

Lachitatu
Mikanda ya makaroni. Chakudya m'khosi, koma kunja kwake! Ana atagona ndamasula, ndawiritsa. Esinati wapeza ulusi m'mbale mwake. Wandiyang'ana. Ndayang'ana kudenga.

Lachinayi
Kudula mbatata, kuviika mu penti, kudinda papepala. Aaa, iyayi. Mbatata ndabisa mu nsapato za mvula. M'malo mwake ndikuwasimbira za ulendo wanga wa pa basi: Mwanza, Tete, tayala kuphulika, mayi uja wa nkhuku m'chikwama. Pepala lati mphindi makumi awiri. Ife dzuwa lapendeka tisanafike ndi pa Beitbridge pomwe. Lonjezo akuti, "Agogo, nkhuku ija inali ndi pasipoti?" Mwana wanzeru chonchi akufuniranji mbatata?

Lachisanu
Esinati wasiya chibumba chofewa choti ana aumbe tinyama. Zimene zilimo:
fulawa, makapu awiri athunthu
mafuta ophikira
mtundu wa buluu
mchere (izi ndadziwa mochedwa)
Ndakazinga mandasi. Mchere wake ngati nyanja ya kunoyi. Ana amwa madzi jagi yonse, malilime buluu. "Bambo, mwawadyetsa zoseweretsa?" Ayi mwananga, ndawaletsa kuseweretsa zakudya.

Loweruka
Lero mphunzitsi ndi mwini pepala, Esinati, ine ndizionera. Nyemba m'timabotolo, kuwerenga. Pasanathe mphindi zitatu, nyemba imodzi ili m'mphuno mwa Takondwa. Tsiku lonse pamzere ku kiliniki. Nesi akuti, "Hayi, mama, ndani amapatsa mwana nyemba zosaphika?" Ine ndangotsokomola, kanayi.

Lamulungu
Chigamulo chatuluka titabwera kutchalitchi. Ana ayamba kireshi mawa. Za basi zaimitsidwa, poti kireshi imatseka masana ndipo pafunika munthu wokawatenga. Ndatsika udindo: kuchoka pa mlezi kufika pa wonyamula zikwama. Zikomo kwambiri.
Akireshi atumizanso mndandanda wa zoti ana apite nazo: mpunga, makaroni, fulawa. Dziko lapita basi.
Ndakhala pakhomo ndi singano. Ndikukulitsa matumba a makabudula awo.